Tsiku limene ndinasiya kulembetsa manotsi a dongo

Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina yakumudzi kuno ku Kasungu, chakufupi ndi Santhe. Pogawana maphunziro kumayambiriro kwa chaka, aliyense amathamangira masamu ndi Chingerezi, Expressive Arts, phunziro la luso la manja, nyimbo ndi zisudzo, n'kutsala yokha yopanda mwini. Zaka zinayi zapitazo inagwera ine. Zaka ziwiri zoyamba ndinkaiphunzitsa ndi choko basi. Ndinkalemba pabolodi, ana n'kumakopera, belu likalira ndatuluka.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinali pa mutu wa kuumba. Ndinalemba ndondomeko yonse m'Chingerezi monga m'mene mabuku a makalasi akuluakulu alili, kuyambira kukatapa dongo mpaka kuotcha. Ana onse 94 anawerama kukopera. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene sakonda kuyankhula m'kalasi, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ndiye tiumba liti?"

Ndinamuyankha kuti zipangizo palibe.

"Agogo anga ali nalo dongo. Dzulo lomweli ndawasenzera kuchokera kudambo."

Mawu amenewo anandilasa mtima. Ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu anatiphunzitsa TALULAR, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwe uli. Pa masamu ndinkaitsatira bwino: zitsekerero za mabotolo, timitengo, nthanga za maungu. Koma pofika pa luso la manja, mutu wanga unkangoganiza za penti, maburashi ndi mapepala oyera a m'sitolo za ku boma, ndipo poti zimenezo kunalibe, ndinkati palibe chilichonse. Chonsecho mwana amene ankakopera za dongo m'chilankhulo chimene sankachimva bwino amagona nyumba imodzi ndi katswiri wa dongolo.

Loweruka lake ndinapalasa njinga kupita kumudzi kwawo. Ndinawapeza agogowo atakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, miyendo atatambasula, akukanya dongo pamwala wafulati. Titapatsana moni ndi kufunsana za kunyumba, ndinafotokoza chimene ndabwerera.

"Iii aphunzitsi, ine sukulu sindinapondeko. Ndikawauza chiyani ana anuwo?"

"Agogo, musakawauze kanthu. Mukangoumba monga mukuchitiramu, iwo azikaona."

Anaseka, kenako anavomera. Ndinakambirana ndi ahedi, a komiti ya sukulu, ndiponso amfumu, chifukwa mtapo uli ndi eni ake, sungangotsogolera khamu la ana kukakumba osapempha.

Anabwera Lachitatu. Tinatuluka m'kalasi n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Chinthu choyamba chimene anachita sichinali m'manotsi anga. Anatsina dongo pang'ono, n'kulipota pakati pa zikhatho mpaka linakhala ngati kachingwe, kenako analikulunga pachala. Silinang'ambike. "Ili ndiye dongo," anatero. Anatenga dothi lina limene mnyamata wina anabweretsa kuchokera m'mbali mwa msewu, analipota chimodzimodzi, ndipo lisanazungulire chala linaduka paŵiri. Panalibenso chofotokoza. Ana onse anayamba kuyesa dothi lawo pachala.

Kenako anatulutsa zida zawo m'kansalu. Ine ndinkayembekeza kuona chinachake chachilendo. Munali chitsononkho cha chimanga, kachidutswa ka chikho, kasanza, ndi mwala wa nkhulungo wosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Anachotsa timiyala m'dongo ndi zala, anathiramo mapale akale osinja, n'kukanyanso. Poumba ankasanjika mizere ya dongo yopotapota, dzanja lamanzere lili m'kati kuchirikiza, lamanja likukweza khoma ndi chitsononkho kunja. Kachikho kaja n'kopalira m'kati kuti khoma lisanenepe mbali imodzi. Pofika pamlomo ananyowetsa kasanza, anakapinda pamlomopo, n'kukazunguliza kamodzi kokha, mlomo n'kukhala wosalala see. Ana aphokoso ajawa anangoti zii, maso ali pa manja a agogo.

Anyamata ena poyamba ankanyinyirika kuti kuumba n'kwa akazi. Agogo anawafunsa: "Nanga ng'ombe zija mumaumba kubusa, mumaumba ndi chiyani?" Nkhani inathera pompo. Mmodzi mwa iwo anaumba ngolo ndi ng'ombe ziŵiri, goli lake la kamtengo, ndipo ndi ntchito imene anzake anaizungulira nthawi yaitali.

Cholakwa chachikulu ndinachita ndine. Ndinkafuna kupereka malikisi pofika Lachisanu, ndiye agogo atapita ndinauza ana kuti ayanike zoumba zawo padzuwa, pabwalo la mpira wamanja. M'mawa mwake zambiri zinali zitang'aluka. Ana ena analira, ndipo ine ndinasowa pogwira. Nditakawauza agogo anapukusa mutu: "Dongo silifuna phuma, aphunzitsi. Limauma mumthunzi." Padzuwa kunja kumauma ndi kukhwinyata msanga pamene m'kati mukadali madzi, ndiye khoma limakokana n'kung'ambika. Ndipo choumba chikalowa pamoto chisanaumitsitse, madzi otsala m'kati amasanduka nthunzi n'kuchiphulitsa. Mapale osinja aja ntchito yake n'kuchepetsa kukhwinyatako. Zonsezi ndinazimvetsa nditaononga ntchito ya ana, ndipo ndinawapepesa m'kalasi.

Tinayambiranso. Ulendo uno tinaziika m'kachipinda kosungiramo mabuku, titaziphimba ndi masamba a nthochi masiku oyamba, ndipo zinakhala masabata aŵiri. Tinaotchera kuseri kwa sukulu ndi makungwa ouma ndi udzu, agogo akuyang'anira, ana ataima patali. Pa zoumba 94, zokwana 61 zinatuluka zamphumphu. Agogo ankagogoda chilichonse ndi chala kumvetsera kulira kwake, ndipo ana anaphunzira kusiyanitsa mphika wopsa bwino ndi wosapsa pongomva mawu ake.

Kuchokera pamenepo ndimakonza ntchito yanga motsatira nyengo, osati motsatira masamba a buku okha. Buku la aphunzitsi lochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndimaligwiritsa ntchito ndithu, koma mitu ndimaisuntha. Kuumba kumayenera teremu yoyamba mvula isanagwe. Teremu yachitatu anthu akakolola, mapesi, makoko a chimanga, udzu ndi bango zimangoti mbwee, ndiye ndi nthawi yoluka ndi kupanga zidole, timanyumba ndi magalimoto. Teremu yachiŵiri ndi yovuta kuno kwathu. Kunja n'konyowa, njala imakhala itafika m'makomo, ndipo ana ena amajomba chifukwa cha ntchito ya fodya. Nthawi imeneyo timatsamira pa nyimbo, zisudzo ndi kujambula.

Za penti zija zimene ndinkadandaula, tsopano timapanga tokha. Makala osinja amatipatsa wakuda, katondo wofiira, dothi loyera kapena phulusa losefa woyera. Timasakaniza ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa kuti utoto ugwire. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga, monga mswachi wakale. Pojambulapo ndi makatoni amene ndimapempha m'magolosale, ndi mapepala a matumba a simenti. Mwana wina ananena kuti uku n'kujambula kwaumphawi. Tsiku lotsatira ndinabwera ndi zithunzi pafoni yanga za miyala ya ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 okhala ndi zojambula zakale, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi makolo athu Achewa, ndipo utoto wake unali wochokera m'nthaka. Foni inayenda mzere ndi mzere mpaka batire linatha. Ndinawauzanso kuti ngakhale m'nkhalango yathu ya Kasungu National Park muli zojambula pamiyala ndi ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo. Ambiri sankadziwa, ngakhale kuti ndi m'boma lawo lomwe.

Pa nyimbo sitivutika kwenikweni. Bambo wina wa gulu la mganda anatiphunzitsa kukonza badza, lipenga la mganda, kuchokera ku chikho. Kale pakabowo koimbira ankamatapo kachikopa koyera ka kangaude, lero ambiri amangomata kajumbo kopyapyala. Atsikana anapanga zisekese ndi mapesi a udzu ndi timiyala. Ng'oma timabwereka m'mudzi.

Pali chinthu chimodzi chimene sindichita, ndipo mnzanga amene wangoyamba ntchito kuno ndimamuchenjeza. Sindiuza ana kuti apange zigoba za Gule Wamkulu. Gule ndi chuma chathu, dziko lonse linamuvomereza kudzera ku UNESCO mu 2005, ndipo ndimakamba za nyimbo zake ndi zimene amaphunzitsa pabwalo pamene aliyense amaonera. Koma za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo m'kalasi mwanga muli ana olowa ndi osalowa, a mipingo yosiyanasiyana. Tikafuna zovala kumaso pa sewero timadula katoni n'kujambula kalulu, fisi kapena njovu za m'nthano. Wofuna kuphunzira za zigoba mwaulemu, malo ake alipo ku Mua, ku Kungoni, malo osungirako za chikhalidwe ndi luso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976.

Komabe sindikufuna kuti wina aŵerenge izi n'kunena kuti basi, aphunzitsi akumudzi safuna thandizo, ali ndi dongo. Zimandipweteka TALULAR ikasanduka chodzikhululukira. Singano sumakumba kudambo. Sizasi, ulusi ndi nsalu zophunzirira kusoka zimafuna ndalama. Kalasi yanga yonse ili ndi masizasi atatu, aŵiri ndinagula ndekha. Ndalama zothandizira sukulu zikabwera zimathera pa choko, malejisitala ndi kukonza zimbudzi, ndipo zonsezo n'zofunikadi, koma luso limakhala kumapeto kwa mndandanda chaka ndi chaka. Chimene ndimachilakalaka kuposa zonse ndi kabati yokhoma. Chitseko cha kalasi yathu chilibe loko. Mikeka ing'onoing'ono imene ana analuka mwezi wathunthu inadyedwa ndi chiswe patchuthi, ndipo zidole za mapesi zinatafunidwa ndi mbuzi. Mwana akaona ntchito yake itatha choncho, ulendo wina sakhalanso ndi mtima woikapo luso lake lonse. Pakadali pano ndili ndi bokosi lachitsulo limene ndinapitira nalo kusekondale. Mumakhala masizasi, singano, phula ndi ntchito zabwino zingapo, ndipo ndimalisiya kunyumba kwa ahedi.

Palinso mayeso. Mu Sitandade 8 a MANEB amafunsa phunziroli papepala la Arts and Life Skills, ndipo mwana amayankha ndi cholembera, saumba kapena kuimba. Ndiye mphunzitsi amene akufuna kuti ana ake asankhidwe kupita kusekondale amabwerera ku manotsi, mwinanso kutenga nthawi ya luso n'kuphunzitsira masamu. Sindimuweruza, makolo amaŵerenga ana osankhidwa, saŵerenga miphika. Chimene ndaona ine n'chakuti mwana amene mphika wake unang'aluka padzuwa saiwala chifukwa choumitsira mumthunzi, ngakhale funso libwere m'Chingerezi.

Nkhani ya agogo inandivutanso mbali ina. Iwo ndi amene anaphunzitsa, ine ndi amene ndimalandira malipiro. Ulendo woyamba ndinawapatsa sopo ndi shuga za m'thumba mwanga, koma mtima sunakhazikike. Miphika yawo siyenda malonda monga kale, poti anthu anatengeka ndi mapoto ndi zidebe za pulasitiki. Ndinakapempha ku komiti, ndipo tsopano akabwera amalandira kangachepe kochokera kusukulu, komanso aphunzitsi tonse tinagula mitsuko yosungira madzi akumwa kwa iwo. Umodzi uli pakona m'kalasi mwanga, ndipo madzi ake amazizira ngakhale mu Okutobala.

Sabata ya mawa tikupita kumtapo ndi kalasi yatsopano. Amfumu avomera kale, ndipo makasu anayi abwera ndi makolo. Mtsikana uja ali mu Sitandade 8 tsopano, ndipo wapempha aphunzitsi ake kuti amumasule ola limodzi adzaonetse ang'ono ake kayesedwe ka dongo pachala. Agogo mawondo akuwavuta chaka chino, sangathe kuyenda mpaka kusukulu. Ndamanga kale kapilo pakaliyala ya njinga yanga, Lachitatu m'mamawa ndikawatenga.