Zikomo anthu a m'mapiri a Atlas

Ndimati ndilembe izi pagulu, mwina wina adzawauza. Chivomerezi cha pa 8 September 2023 ku Morocco chinandipeza kumudzi kwa mnzanga wa kusukulu, kumtunda kwa tauni ya Amizmiz, cha m'ma 11 koloko usiku. Mphamvu yake inali 6.8 ndipo anthu opitilira 2,900 anamwalira, ambiri m'chigawo cha Al Haouz komwe nyumba zambiri ndi za dothi, zinangogwa pompo anthu ali mkati.

Zikomo bambo amene munandikoka dzanja mumdima uja fumbi lili tolo, sitinkamvana n'komwe, inu Chiberber ine Chifalansa changa chothyokathyoka. Zikomo amayi amene munandifunditsa bulangete n'kundipatsa tiyi wa minti ndi buledi pomwe m'bale wanu anali akadali pansi pa zigumukire, anyamata akukumba ndi manja ndi mafosholo basi chifukwa miyala inali itatseka msewu, ambulasi sikanafika. Mpaka pano sindimvetsa kuti mtima wotere mumautenga kuti, ine mlendo wongodutsa.

Anyamata a abulu aja nanunso zikomo, munkakweza madzi ndi ufa kumidzi yomwe galimoto zinalephera. Ndi a mumzinda wa Marrakech amene munaima pamzere kupereka magazi, ndi madalaivala amene munkanyamula anthu osalipiritsa olo kobiri.

Amene ananditchajira foni pagalimoto yake kuti ndiimbire mayi kumudzi ku Malawi, dzina lanu sindinafunse achimwene. Mulungu akudalitseni nonse.