Mazenera ndisiyireni ine

Amene sanagonepo ku Dedza mwezi wa Juni sangamvetse chifukwa chake ndinkalemba malisiti nditavala magolovesi. Ofesi yakale ya gulu lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke inali kachipinda ka lendi, malata opanda siling'i, kazenera kamodzi koyang'ana kummwera komwe kumachokera mphepo. Babu linkayaka kuyambira m'mawa mpaka poweruka, kunja dzuwa likuswa mtengo. Kukazizira tinkayatsa hita, mayunitsi n'kumangosungunuka. Magetsi akathima tinkalowetsa mbaula n'kutseka chitseko, pofika masana mutu uli waa! Ndinadzamva mochedwa kuti mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha.

Titapeza kangachepe komangira ofesi yathuyathu, mkangano woyamba unali wa njerwa. Apampando ankafuna tiumbe, tiotche uvuni monga mwa nthawi zonse. Koma kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi zamalonda, komanso nkhuni zake tikanazitenga kuti, mapiri atameteka chonchi? Tinabwereka makina opanira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Zimenezi sizionana ndi moto, mumangozithirira madzi pamthunzi mpaka zitalimba. Zimatuluka zowongoka, moti kunja sitinapake pulasitala.

Koma pomwe ndinalimbapo mtima ndi pa mazenera.

Amisiri atabwera ndi chingwe chawo anati, "Amayi, nyumba imayang'ana msewu, ndi mmene timamangira."

Ndinati, "Achimwene, chitseko chiyang'ane msewu, palibe vuto. Mazenera ndisiyireni ine."

Anaseka, apampando nawo anaseka. Ndinawatengera pabwalo n'kuwaonetsa chithunzithunzi cha mtengo wa pichesi. Mu Juni ndi Julayi, masana chimagwera kummwera, chifukwa dzuwa limadutsa chakumpoto. Ndiye zenera lalikulu likakhala kumpoto, dzuwa la nyengo yozizira limalowa mpaka pansi, simenti n'kusunga kutenthako. Pofika Okutobala dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo denga likatulukira kunja pang'ono limaphimba zenera lomwelo. Kumadzulo ndinakaniratu galasi, dzuwa lopendeka lija limaotcha munthu ngati chimanga. Kummwera tinangosiya timazenera tiwiri m'mwamba totulutsira mpweya wotentha. Siling'i ndiye sindinalole kuti tidumphe, ngakhale asungichuma anadandaula sabata yathunthu. Chipinda chopanda siling'i ndi munthu wofunda bulangete miyendo yokha.

Zinazo zinali zosavuta. Mababu a LED a mawati 9 amawala ngati akale aja a 60. Sola imodzi ndi batire zikukwanira laputopu, pulinta ndi mafoni, popeza masana sitiyatsa getsi ndipo hita tinagulitsa. Tinaika magatala ndi thanki: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi, ndiye madzi okolopera ndi osamba m'manja sitigula nthawi ya dzinja. Matebulo ndi a paini wa konkuno.

Pena ndinaphonya. Tebulo langa ndinaliika chofulatira zenera, ndipo Juni woyamba sikirini sinkaoneka ndi kuwala. Ndinalitembenuza cham'mbali. Malo adzuwa amene ndinasiyawo tsopano ndi a apampando. Amafika isanakwane 10 koloko, kukoka mpando, kuvula jekete, n'kumauza alendo kuti pulani yonseyi inali yawo.