Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Nkhani Imene Ndinakana Kugulitsa

Zikomo nonse amene munasiya ndemanga pa gawo lapitali. Mayi a ku Mzuzu aja, amene munati munagwetsa misozi powerenga za tsiku limene ndinachotsedwa ntchito, Mulungu akudalitseni, mawu anu anandilimbitsa mtima. Ambiri mwafunsa funso lofanana: ntchito itatha ndinkadya chiyani, nanga dzina langa linafika bwanji pa masamba a pa intaneti a kunja olemba za chilengedwe? Lero ndiyankha zimenezo. Ndiyankhanso munthu wina amene ndakhala ndikumusungira mawu kuyambira 2023.

Nkhani yoyamba imene ndinagulitsa inachokera kwa malume a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, omwe aja anandilipirira fizi ya Fomu 3 ndi ndalama ya matemba. Mu 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa, mabwato anangoti mbwee pa matope ong'aluka, anthu n'kumayenda wapansi pamene kale ankapalasa. Nyanjayi ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadalira mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, madzi amabwerera m'mbuyo. Malume anaziona kale zimenezi mu 1995, koma ulendo uno ankadandaula za dothi lokokoloka m'mapiri ometedwa, limene likukwirira nyanja pang'onopang'ono. Ndinalemba zonse m'Chingerezi n'kutumiza ku tsamba lina la ku Ulaya. Anailandira. Madola amene ananditumizira anali ochepa, koma anakwana lendi ndi thumba la chimanga limene ndinakatula kwa malume.

Ntchito imeneyi imayenda ndi dzina. Pansi pa nkhani iliyonse amaika kachithunzi kako ndi mizere iwiri yonena kuti ndiwe yani. Mkonzi wina akaona, amakusaka, amakulembera, ndipo mawa dzina lako lili pa tsamba lina. Palibe malipiro a pamwezi, palibe penshoni, ukadwala ndiye kuti poto wazizira. Zaka zinayi zinadutsa motero. Ndinalemba za chitetezo mbaula, mbaula yadothi ija imene imadya nkhuni zochepa. Ndinalemba za mapulasitiki opyapyala, amene boma linaletsa mu 2015 koma milandu ya kukhoti n'kumachedwetsa chiletsocho. Ndinapita ku Salima kukaona malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa mu 2021, kenako ku Golomoti, kumene kuli a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira mphamvu. Namondwe Ana ataononga damu la magetsi la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, kasola kamene ndinakhoma padenga ndi kamene kankatchaja laputopu yanga. N'chifukwa chake ndikamalemba za magetsi a dzuwa ndimalemba ndi mtima wonse, ndinaona ndekha kuti amagwira ntchito.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikupazemba kuyambira gawo loyamba.

Mukuwakumbuka achemwali anga a ku Chilobwe, aja anandisunga ndikufuna ntchito mu Blantyre. Nyumba yawo ya lendi inali m'munsi mwa phiri la Soche. Mwana wawo woyamba, mtsikana wa Sitandade 6, ndinkamutcha mkonzi wanga, chifukwa ndikapita kwawo ankalanda mapepala anga n'kumawerenga mokweza, kudumpha mawu amene amuvuta, kenako n'kundiuza kuti, "Amalume, apa mwatalikitsa."

Namondwe Freddy atafika mu Marichi 2023, mvula inagwa usana ndi usiku osapumira. Lolemba pa 13 foni yanga inalira, anali mayi oyandikana nawo nyumba, ndipo sankatha kumaliza mawu. Ndinanyamuka wapansi kuchokera ku Zingwangwa, mvula ili pamsana. Nditafika sindinazindikire malo. Pamene panali kanjira kopita kwa achemwali panali khwawa la matope, miyala ikuluikulu ngati nyumba, malata opindika, matiresi, mapoto, nsapato za ana. Anthu ankakumba ndi makasu, ena ndi mafosholo, ena ndi manja okha. Aliyense ankaitana dzina la wake.

Achemwali ndinakawapeza pa sukulu ya Naotcha, kumene anthu anathawira. Anali atakhala pansi pakona ya kalasi, chitenje chonyowa, ana ang'ono awiri ali pamiyendo. Sanalire atandiona. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, ndinamugwira dzanja. Ndinamugwira ndithu." Anabwereza mawu amenewa tsiku lonse, kwa aliyense wobwera kudzawazonda, ngati pali wina amene akuwatsutsa. Palibe anawatsutsa. Madzi amene anagubuduza miyala ija sakanalephera dzanja la mayi wobereka mwana kumbuyo, wina ali m'khwapa.

Mtsikana uja tinamufunafuna m'matope, tinatsika ndi khwawa mpaka kumunsi, tinafunsa m'makampu. Pomaliza ndinakaima pamzere ku nyumba ya chisoni pa chipatala cha Queen Elizabeth. Pamzere umenewo panalibe wolankhula. Munthu ankalowa, ena tonse n'kumamvetsera ngati atuluke chete kapena akulira. Ine ndinamuzindikira ndi tsitsi. Mayi ake anali atamuluka kumapeto kwa sabata, mizere yopita kumbuyo, ndipo inali isanamasuke. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo nthawi yaitali, ndikusowa kuti ndikayambira pati pokawauza achemwali.

Ndili pamzere uja uthenga unalowa pafoni. Anali mkonzi wa tsamba lina limene linkandipatsa ntchito kawirikawiri. Anamva kuti ndili ku Blantyre, ankafuna nkhani ya zimene ndaona ndi maso, pamodzi ndi zithunzi, tsiku lomwelo, ndipo mtengo anauwirikiza. Nditamuuza kuti tataya mwana, anapepesa bwino, kenako anafunsa ngati ndingalembe za mwanayo. Ndinakana.

Ndifotokoze bwino apa, chifukwa ena munganditenge molakwa. Sindikunyoza atolankhani amene analemba za Chilobwe, Manja, Phalombe ndi Mulanje masiku amenewo. Anagwira ntchito yofunika. Dziko lonse linayenera kudziwa kuti anthu oposa 1,000 afa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 asiya nyumba zawo. Koma kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Ine ndi amene ndinayenera kupeza bokosi, kulankhula ndi mafumu, kuyendetsa uthenga kumudzi, kuona kuti ana otsalawo adya. Sindikanaima pamaliro a mwana wa mlongo wanga, dzanja lina lili ndi kope. Ndalama tinkaifuna kwambiri, moti bokosi tinagula ndi ngongole, komabe mpaka lero mtima wanga uli m'malo pa chisankho chimenecho. Tsamba lija silinandilemberenso.

Ndiye inu bambo, amene tinkagwira limodzi ntchito kale, amene munauza anthu pa siwa kuti ameneyu adyapo madola pa maliro awa: ndinamva. Ndinali kuseri kwa tenti, ndikuwerenga ndalama za chipepeso kuti ndione ngati zikwana galimoto yopita kumudzi. Achemwali nawonso anamva, ndipo chimenecho ndi chimene chimandiwawa. Dzina langa mukulidziwa, lisakeni pa Google, tsegulani tsamba lililonse limene ndinalembako. Mukapeza nkhope ya mwana uja kapena dzina lake, bwerani mudzanditsutse pano pamaso pa onse. Pano ndi poyamba kulemba za iye, m'chinenero chimene mayi ake akumva, ndipo ndinayamba ndawapempha chilolezo.

Patapita miyezi ndinalembadi za Soche, koma za phirilo. Akonzi ena ankafuna nkhani yophweka: anthu anadula mitengo, anamanga pamalo oletsedwa, phiri linawagwera. Zoona mitengo inatha, ndipo zoona phiri lopanda mizu siligwira dothi mvula ikachuluka chotero. Koma ndinaumirira kuti alembenso chifukwa chake. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, poti magetsi sanawafike kapena sangawakwanitse, ndipo gasi ndi wodula. Achemwali sanapite m'munsi mwa phiri pofuna mphepo yabwino. Kumeneko n'kumene lendi inkagwirizana ndi ndalama ya mandasi. Mnyamata wokankha njinga ya makala usiku kulowa m'tauni akugulitsa kwa ife tomwe, kuphatikizapo ovala mataye. Nkhani yoloza chala iye yekha, osatchula ogula ndi amene amapereka malo m'mapiri, ine sindiikapo dzina langa.

Chifukwa cha kuumirira kumeneku masamba ena anandisiya, ena atsopano ananditenga, ndipo ndi amene ndikugwira nawo ntchito mpaka pano. Kwa achinyamata awiri aja amene munafunsa m'ndemanga mmene mungayambire: yambani ndi mtsinje, dambo kapena msika wa kwanu, pitani mukaone nokha, ndipo muzifunsa mtengo musanalembe chilembo ngakhale chimodzi. Munthu amene mwamujambula muzimuuza kumene chithunzi chake chikupita.

Gawo likubwerali ndidzakuuzani mmene tinasamutsira achemwali kubwerera kumudzi, ndi mkangano wa malo umene unabuka pakati pa iwo ndi ana a malume a ku Kachulu.