Mabesi awiri popanda ng'oma: pomwe tafika

Ine ndi mnzanga amene timaphunzirira limodzi besi (gitala ya mawu a pansi) takakamira pa chimbale choyamba cha Dos, cha 1986. Dos ndi anthu awiri okha, Mike Watt wa gulu la Minutemen ndi Kira Roessler wa Black Flag, aliyense ndi besi yake. Ng'oma palibe, gitala wamba palibenso. Chimbalechi chinatuluka ku New Alliance Records pasanathe chaka D. Boon, mnzake wa Watt mu Minutemen, atamwalira pa ngozi ya galimoto mu Disembala 1985. Ukamva kuti ndi anthu a punk, mtundu wa nyimbo za rock zaukali, umayembekezera phokoso, koma nyimbozi ndi zazifupi, zodekha. Upunk wake uli pa kulimba mtima kochotsa zida zonse zomwe ena amati nyimbo siingayende popanda izo.

Sitikukopera nyimbo zawo, tikupeka yathu potsata njira yawo. Chomwe chinatichedwetsa ndi mawu a pansi. Nsambo ya E, ya mawu otsikitsitsa, ukayimenya osagwira fret (timizere tachitsulo ta pa khosi la besi) imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, ndipo mabesi awiri akakumana kumunsi kumeneko zonse zimasanduka phala. Tagawana malo: mnzangayo amakhala pa E ndi A, ine ndimakwera pa D ndi G kupitirira fret 12, ndipo pa ampu yanga (chokuzira mawu) ndachepetsa mawu a pansi n'kukweza a pakati. Pakati pa nyimbo timasinthana, chifukwa mu Dos palibe amene amangokhala woperekeza mnzake.

Chovuta kwenikweni ndi nthawi. Woimba besi anazolowera kutsamira ng'oma, tsono zikachoka, liwiro lonse lili m'zala zanu awiri. Metronome, kachipangizo kowerengera nthawi, tinaizimitsa titangogwira mayendedwe, popeza imatichititsa kumvera iyo m'malo momverana. Tsopano ndimaimba pomwe mnzanga wapuma, iye amalowa pomwe ine ndasiya, ndipo mizere iwiri ija yayamba kulukana. Mbali imeneyi ndiyo ikundisangalatsa kuposa zonse.

Tajambula nyimbo yathu mu pulogalamu ya Audacity, besi imodzi kumanzere, ina kumanja. Mvetserani ndi mahedifoni, chifukwa sipika ya foni imameza manotsi a pansi aja.

Sabata ino tikumvetsera Justamente Tres, chimbale china cha Dos cha 1996, momwe Kira amaimbamo ndi pakamwa, kuti tione mpata womwe mabesi amasiyira mawu a munthu tisanaike athu.