Buku Limene Linandiitanira Ankhoswe

Mu Okutobala chaka chatha ndinagula buku lachingerezi kwa mnyamata wina wogulitsa mabuku akale m'mphepete mwa msewu ku Zomba, ndipo chimene chinandikopa chinali kunenepa kwake, pakuti ndinaona kuti masamba opitirira 500 pamtengo wa nkhuku yaing'ono ndi malonda amene munthu wanzeru sangawasiye. Bukulo linali The Secret History, limene Donna Tartt wa ku America anatulutsa mu 1992. Mwana wanga wamkazi atangoliona anandiuza kuti mabuku otere achinyamata a pa TikTok amawatcha dark academia, kutanthauza nkhani za ophunzira ovala zakuda amene amawerenga pakandulo, kumwa mowa ndi kuphana m'malo mokonzekera mayeso.

Nkhani yake imachitikira pakoleji ina yopeka ku Vermont, kumene mphunzitsi wa Chigiriki amadzisankhira yekha ophunzira asanu, kenaka n'kulandira wachisanu ndi chimodzi, mnyamata wosauka wa ku California amene amasimba zonsezo. Ine amene ndimaphunzitsa ana oposa 80 m'kalasi imodzi ndinamuda mphunzitsiyo ndisanamudziwe n'komwe. Chachiwiri chimene chinandikwiyitsa n'chakuti patsamba loyamba lenilenilo wolemba amaulula kuti mmodzi wa ophunzirawo, Bunny, wafa, ndipo anamupha ndi anzake omwe, moti ndinamva ngati munthu amene walipira pageti la mpira n'kuuzidwa zigoli asanakhale pansi.

Komabe bukulo linandigwira. Pali chigawo china chimene wosimba nkhaniyo amakhala nyengo yachisanu m'chipinda chobooka denga, chipale chofewa chikugwera mkati mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo ine, ndikuwerenga m'kutentha kwa Okutobala magetsi atazima, ndinadzuka kukatenga bulangete. Anthu a m'bukulo ndinkanyansidwa nawo: palibe amene amatsuka mbale, palibe kholo limene limafunsa zotsatira za mayeso, ndipo ndalama za mowa sizitha. Koma usiku uliwonse ndinkabwerera kwa iwo ngati galu wobwerera pakhomo pamene anam'menya. Ndiyenera kuvomerezanso, ngakhale mwamanyazi, kuti ndinapita pakaunjika n'kugula chikhotho chakuda chaubweya chofika m'mawondo, chimene ndinkavala madzulo thukuta lili kamukamu, mkazi wanga akungondiyang'ana osanena kanthu.

Tsoka langa linachokera ku chizolowezi chabwino. Ndikamawerenga ndimalemba maganizo anga papepala, m'Chichewa, n'kuliika pakati pa buku. Bunny ndi munthu amene amaitanira mnzake kulesitanti, kudya zodula, nthawi yolipira ikakwana n'kunena kuti waiwala chikwama. Mtsogoleri wa gululo amayamba waganiza zomupha ndi bowa wapoizoni, kenaka amagwirizana zomukankhira kuphompho pa ulendo wake wa Lamulungu. Choncho papepala langa panali mawu awa: "Amadya za anzake koma chikwama amaiwala nthawi zonse. Ndayamba kutopa naye. Bowa ndi wovuta kuyeza. Phompho ndi losavuta. Lamulungu."

Tsono mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anandibwereka K150,000 mu Epulo ndipo chibwerekere nthawi imeneyo ankangobwera kudzadya nsima n'kumakamba za mpira. Sabata imene ndinalemba pepalalo ndinali nditamuitana, ndi mtima woyera, kuti Lamulungu tikakwere phiri la Zomba tikaone Dzenje la Chingwe, limene akuluakulu amati kalekale ankaponyamo anthu. Ndinali nditagulanso bowa wouma pamsika, chifukwa ndimam'konda wotendera. Mkazi wanga anapeza pepalalo Lachinayi akusesa, ndipo madzulo ake bowa uja ndinam'peza kudzala, mpeni waukulu wakukhitchini utasowa.

Loweruka m'mawa ndikutuluka m'chipinda, chikhotho chija chili m'thupi, ndinapeza pabalaza padzaza: ankhoswe a mbali zonse ziwiri, apongozi anga aakazi, mkulu wa mpingo wathu, ndi mlamu wanga amene anakhala pafupi ndi khomo nsapato zili kumapazi. Pepala langa linali patebulo, atalipsinja ndi Baibulo.

Ankhoswe anayamba mwaulemu, monga mwa mwambo, kundifunsa za umoyo wanga ndi za kuntchito, kenaka anati, "Bambo, ngongole ndi yaing'ono kuyerekeza ndi moyo wa munthu. Talongosolani mawu awa." Ndinaseka ndekha, ndipo kusekako sikunandithandize. Ndinatenga bukulo n'kuyamba kufotokoza za Vermont, za Chigiriki, ndi zakuti ophunzirawo anali atapha kale mlimi wina usiku pamene ankayesa mwambo wakale wa mulungu wa vinyo wa Agiriki, moti kenaka anapha Bunny poopa kuti aulula. Apongozi atamva kuti akufa ndi awiri anagwira pakamwa.

Mkulu wa mpingo anandifunsa funso limene owerenga bukuli akhala akudzifunsa kwa zaka zoposa 30, lakuti kodi mtima wanga unali mbali ya wophedwayo kapena ya ophawo. Apa munthu wochenjera akanayankha msanga. Ine, pofuna kulichitira bukulo chilungamo, ndinanena kuti luso la wolembayo lili pomwepo, kuti amakuchititsa kutopa ndi Bunny mpaka umadzipeza ukufuna kuti achoke, ndipo akangochoka umachita manyazi ndi mtima wako womwe. Mlamu wanga anaimirira n'kugwira chitseko. Atandifunsa ngati ophawo anamangidwa, ndinayankha kuti pamene ndafika palibe amene wamangidwa, ndipo apongozi anati, "Ndiye kuti mwaphunziramo ndi njira yothawira yomwe."

Amene anandipulumutsa ndi mwana wanga, yemwe anawaonetsa pafoni zithunzi za atsikana a ku Ulaya ndi ku America atanyamula buku lomwelo, atavala zikhotho zonga changa, palibe mmodzi wooneka ngati chigawenga. Bwalo linagamula kuti ulendo wa kuphiri ulephereke, chikhotho chipatsidwe kwa mlonda wapasukulu, ndipo bukulo likasungidwe kwa mkulu wa mpingo kufikira mitima itakhala pansi. Ndinali nditatsala ndi masamba 40 okha.

Madzulo a tsiku lomwelo foni yanga inalira, ndipo ndinapeza kuti mlamu wanga wanditumizira K50,000, ndi uthenga wakuti, "Alamu, zotsalazo kumapeto kwa mwezi, koma kuphiri ayi." Patapita masabata atatu mkulu wa mpingo uja anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi, n'kundinong'oneza kuti bukulo ndi loipa kwambiri, kuti maliro a Bunny wolemba anawatalikitsa mopanda chifukwa, ndiponso kuti ana amenewo akanakhala ake akanawabweza kumudzi kukalima. Nditapempha kuti andibwezere ndimalize, anayang'ana uku ndi uku, nati ndidikire kaye, chifukwa nawonso atsala ndi masamba 40.