Zomwe tinakaphunzira ku Pietermaritzburg pa nkhani ya Tamara

Tinanyamuka ku Durban Loweruka m'mamawa, amayi 14 a gulu lathu la Amalawi, pa minibasi imodzi kudzera msewu wa N3. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Otilandira anali amayi a mpingo wina omwe amaphunzira Baibulo motsata njira ya Tamar Campaign, kampeni yolimbana ndi nkhanza kwa amayi yochokera ku Ujamaa Centre pa yunivesite ya KwaZulu-Natal. Phunziroli linayamba mu 1996, kampeni yake nkukhazikitsidwa mu 2000. Atamva kuti kwathu ndi ku Malawi, anatitchulira Pulofesa Isabel Apawo Phiri, omwe anaphunzitsapo pa yunivesite yomweyo.

Tinkayembekeza ulaliki. Panalibe.

Mipando inali mozungulira, pakhoma atamatapo mapepala akuluakulu. Ndime ndi 2 Samueli 13:1-22, nkhani ya Tamara, mwana wa mfumu Davide, yemwe anagwiriridwa ndi mlongo wake Amnoni. Ambirife sitinaimvepo ikuwerengedwa pa guwa. Anaiwerenga mokweza kawiri, koyamba m'Chizulu, kenako ife m'Chichewa, mayi aliyense atatenga mbali ya munthu mmodzi wa m'nkhaniyo. Funso loyamba linali lakuti, nkhaniyi ikukamba za chiyani? Mtsogoleri amalemba yankho lililonse pakhoma osalikonza, ngakhale likhale loti Tamara analakwa kulowa kuchipinda. Akalikana pamenepo, mwini yankhoyo sayankhulanso tsiku lonse.

Kenako timagulu ta anthu 5 kapena 6. Mukapitirira 8, olankhula amangokhala awiri omwe aja. Anatilekanitsanso dala apachibale, chifukwa mpongozi ndi mpongozi wake akakhala gulu limodzi wamng'onoyo amangoti "ndi momwemo amayi".

Mafunso otsatira amakubwezerani m'ndime. Mwamuna aliyense anachitapo chiyani? Powerenga bwino mupeza kuti si Amnoni yekha. Yonadabu, mnzake wa Amnoni, ndiye anamupatsa nzeru yonamizira kudwala. Davide ndiye anatuma Tamara kukamukonzera Amnoni chakudya, ndipo atamva zomwe zinachitika anangopsa mtima, osachitapo kanthu. Wantchito wa Amnoni anamutulutsa Tamara nkutseka chitseko. Abisalomu, mlongo wake wina, anamuuza kuti akhale chete.

Pomwe tinakhalitsa mpa funso lakuti, nanga Tamara ananena chiyani? Onani mavesi 12, 13 ndi 16. Anakana. Anati zoterezi sizichitika mu Israyeli, anamuuza Amnoni kuti adzaoneka chitsiru, anayesa ngakhale kumunyengerera kuti akalankhule ndi mfumu. Atapirikitsidwa sanakabisale: anadzola phulusa kumutu, nkung'amba mkanjo wake, nkumapita akulira mokweza. Ife tinakula tikuuzidwa kuti za m'nyumba saulula, ndiye kupeza mtsikana wa m'Baibulo akufuula pamsewu kunatisiya kukamwa yasa.

Zikatha izi mpomwe pamabwera funso lolemera: kodi a Tamara alipo mumpingo mwathu? Apa amayiwo anatichenjeza mosapsatira. Lamulo ndi losatchula dzina la munthu, ndipo zonenedwa m'chipindamo zithere momwemo. Komanso musayambe phunziroli popanda mlangizi wodziwa ntchito ndi kachipinda kapadera, chifukwa kawirikawiri wina amayamba ndi "mnzanga wina" nkumalizira kulira, nkhaniyo ili yake. Iwo zinawachitikirapo poyamba, mayi uja anapita kwawo yekha ndipo sanabwerenso.

Vuto lina ndi abusa. Akakhalapo ayankhule komalizira, apo ayi amayi onse amangovomereza zomwe abusa anena. Ineyo ndikuona kuti kwa ife zingakhale bwino ulendo woyamba tikhale amayi okhaokha.

Gawo lomaliza ndi lolemba zochita: ndani, achita chiyani, pofika liti. Pakhomapo analembapo komwe kuli Thuthuzela Care Centre yapafupi, malo othandizirako ogwiriridwa, ndi kuti wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Ife tinaonjezerapo malo othandizirako ozunzidwa a ku Malawi, One Stop Centre ndi Victim Support Unit ya kupolisi, poganizira abale kumudzi.

Phunziro lonse limafuna maola atatu. Ife tinachedwa pa chakudya chamasana, gawo lomalizali nkulithamangira m'mphindi 15, pomwe limafunika 40. Tagwirizana kuti lathu tidzachite mkati mwa masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi, pakati pa 25 Novembala ndi 10 Disembala, tidzayambe 9 koloko, nsima pambuyo. Mlangizi sitinamupezebe, amayi awiri apatsidwa ntchito yomufunafuna.