Webusaiti ya ukwati wathu ku Ngabu inatithandiza, koma poyamba inandidwalitsa mutu

Ukwati wadutsa, alendo abwerera kwawo, ngongole ya matenti tamaliza kubweza. Tsopano ndikhoza kuyankha anzanga amene mwakhala mukundifunsa za webusaiti ija tinkatumiza pa mafoni.

Tinaifuna chifukwa abale athu ndi omwazikana. Akwathu ali ku Ngabu, akuchikazi ku Tengani ndi pa Nsanje boma, ena tsidya la Shire ku Makhuwira, ena ku Lilongwe, alamu anga ku Joni. Pa gulu la WhatsApp la komiti, uthenga wofunika unkakwiririka ndi ma Amen komanso zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino. Lero wina afunsa nthawi ya ku tchalitchi, mawa winanso afunsa zomwezo. Tinkafuna malo amodzi oti aliyense akawerenge yekha.

Mnyamata wina wa ku Limbe, amene anatilozera anzathu, anati atipangira. Ndalama imene anatchula mukhoza kugula nayo mbuzi yaikulu pamsika wa Ngabu, ndipo anafuna theka asanayambe. Anatitumizira kanema wa webusaitiyo ikutseguka pa laputopu yake, nyimbo ikulira, zithunzi zathu zikuyenda zokha. Inali yokongola, sindikana. Koma kuno kwathu inkangozungulira osatseguka. Azakhali a mkazi wanga anamaliza bando yonse akudikira, osaona ngakhale dzina lathu. Nditamuuza, anati vuto ndi mafoni a anthu athu. Kenako anasiya kuyankha.

Tsiku limene limandiwawabe ndi lomwe ndinamulondola. Ndinapempha tchuthi kuntchito ku Nchalo, ndinakwera minibasi m'mamawa, tinaima pa Dyeratu kudikira kuti idzaze, tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, pa Thabwa apolisi anatiimika, kenako kukwera phiri lija minibasi ikufuka utsi. Ndinafika pa ofesi yake ndi kupeza loko pachitseko. Mayi wogulitsa mandasi pakhonde anati, "Achimwene, amenewa amabwera akafuna." Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Atatulukira, mmalo mopepesa anandiuza kuti ndiwonjezere ina ya domain ndi hosting, kutanthauza dzina la webusaiti ndi malo oisungira pa intaneti, zinthu zimene sanatchulepo tsiku lomwe tinkagwirizana. Ndinatsika phiri usiku, ya thiransipoti yapita, tsiku la ntchito lapita, webusaiti palibe. Wina akafuna kukupangirani, akulembereni mtengo wonse pa pepala, ndipo musamalize kulipira isanatseguke pa foni ya kumudzi.

Amene anatipulumutsa ndi mphwanga wa ku sekondale. Anatsegula Google Sites, yomwe ndi yaulere bola mukhale ndi Gmail, ndipo anapanga peji imodzi yokha madzulo omwewo. Chithunzi chimodzi chaching'ono, kwinako mawu okhaokha. Nyimbo ayi, kanema ayi. Ikhale yopepuka, abale anga. Muiyese pa kafoni kotchipa, muli kumudzi komwe netiweki imavuta, osati muli m'tauni pa wifi.

Ndisanaiwale, musalembe tsiku pa webusaiti musanamalize za ku tchalitchi kapena kwa DC. Lamulo la maukwati la 2015 limafuna kuti chidziwitso cha ukwati chikhomedwe poyera masiku 21, ndipo mipingo nayo imalengeza kaye. Holo nayonso muyambe mwalipira. Tsiku likafalikira pa mafoni kulibweza n'kovuta, ndipo wa ku Joni amakhala wagula kale tikiti ya basi.

Pa pejipo tinalemba nthawi ya ku tchalitchi, nthawi ya madyerero, mtundu wa chitenje ndi kokachipeza, komanso njira. Mapu a Google tinaikapo, koma tinalembanso m'mawu, kuti mukatsika pa siteji mufunse a kabaza akufikitseni pa holo yoyandikana ndi mtengo wa malambe. Ambiri anafika ndi mawuwo. Tinachenjezanso alendo ochokera kumtunda za kutentha, kuti majekete asiye, atenge madzi, ndipo ogona afunse ngati chipinda chili ndi neti. Ife tinasankha Ogasiti mwadala. Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, pomwe Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya madzi osefukira. Amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa momwe misewu ndi milatho zimadukira.

Za ndalama samalani kwambiri. Tinaika nambala imodzi ya Airtel Money ndi imodzi ya Mpamba, zonse za msungichuma wa komiti, ndipo pambali tinalemba dzina limene limatuluka munthu akamatumiza. Tinatsindika kuti nambala ina iliyonse si yathu. Akamberembere amaimbira anthu kunamizira kuti nambala yasintha. Amene analephera kubwera anatumiza yawo ya perekaniperekani pa manambala omwewo, ndipo MC anawatchula mayina m'holo.

China chimene mnyamata wa ku Limbe uja sanatiuze n'chakuti anthu ambiri kuno amagula bando ya WhatsApp yokha. Ndi bando imeneyo linki siitseguka, ngakhale peji ikhale yopepuka motani. Ndiye tikasintha kanthu pa webusaiti, mphwanga ankajambula pejiyo ndi kuponya chithunzicho pa magulu onse, ine n'kuwonjezera voice note yofotokoza zomwezo. Mkazi wanga ankatumiza yake m'Chisena kwa akwawo. Webusaiti inali ngati nkhokwe, WhatsApp ndiye lichero lotapira.

Fomu yoti anthu anene ngati abwera tinaipanga pa Google Forms. Anadzaza ndi a m'tauni ndi akunja basi, komabe inatithandiza kudziwa ofuna malo ogona ku Nchalo ndi ofuna mpando m'basi yochokera ku Blantyre. Za mpunga ndi nyama musawerengere fomu. Ukwati wa kumudzi mudzi wonse umabwera, ndipo amayi ophika amadziwa kuyeza bwino kuposa kompyuta.

Akuluakulu musawatumizire linki. Kwa amalume, kwa ankhoswe a mbali zonse ndi kwa amfumu tinapita ndi miyendo, khadi lili m'manja, tinakhala pansi n'kupereka mawu mwaulemu wake. Webusaiti tinaifalitsa iwo atamva kale.

Ndibwerezenso, ikhale yopepuka ndipo muiyese pa foni ya kumudzi. Ukwati ukatha chotsanipo manambala a foni ndi a ndalama. Ife tinachotsa mawa lake, n'kusiyapo mawu othokoza ndi zithunzi zochepa zoti a ku Joni aone.